Nsambo Zikamacheza: Magitala a M'makomboni a ku Karoi ndi Magule Akale a ku England

Ku Zimbabwe kuli nyimbo zimene anthu ambiri amazivina koma ochepa okha ndi amene amazipatsa ulemu. Dzina lake ndi sungura, ena amati museve. Ikafika nyengo yogulitsa fodya ku Karoi, tauni ya m'boma la Hurungwe imene ili pa mtunda wa makilomita pafupifupi 200 kuchokera ku Harare pa msewu wa ku Chirundu, nyimbozi zimalira paliponse: m'mabala a ku Chikangwe, m'magolosale a ku Magunje, m'malole onyamula mabelo ochokera ku Tengwe. Komabe anthu ophunzira a m'mizinda akhala akuzinyoza kwa zaka zambiri kuti ndi nyimbo za kumapulazi, ndipo mawuwo amatuluka ngati chitonzo, chifukwa kumapulazi n'kumene kunkakhala ana a anthu obwera, Amalawi, a ku Mozambique ndi a ku Zambia, amene eni dziko ankawatcha mabhurandaya. Ine ndikuti chitonzocho n'cholakwa. Njira imodzi yoonetsera kulakwa kwake ndiyo kuika magitala a m'komboni pafupi ndi nyimbo zina zimene masukulu a zoimbaimba padziko lonse amazivulira chipewa, zomwe ndi magule a zoimbira za nsambo amene Angerezi ankapeka m'zaka za m'ma 1600. Tikazimvetsera bwino ziwirizi, tipeza kuti luso lake ndi limodzi. Chimene chinazisiyanitsa ndi mwini nyumba imene zinabadwiramo, ndiponso kuti zina zinapeza wozisunga pamene zina sizinampeze.

Tiyambe ndi za ku England, poti n'zimene owerenga ambiri sanazimvepo. M'nyengo imene akatswiri a mbiri ya nyimbo amaitcha baroque, banja lolemera la kumeneko linkasunga m'bokosi lalikulu zoimbira zisanu ndi chimodzi zamtundu umodzi zotchedwa viol: ziwiri zazing'ono za mawu okwera, ziwiri zapakati, ndi ziwiri zazikulu za besi. Thomas Mace, amene anatulutsa buku la zanyimbo mu 1676, anafotokoza kuti bokosi lokwanira liyenera kukhala lotero. Viol imafanana ndi vayolini koma saiika paphewa. Woimba amakhala pampando, n'kuipana pakati pa miyendo, n'kumakhukhuza ndi kauta nsambo zake zisanu ndi imodzi zopota ndi matumbo a nkhosa. Amene anaonapo nkhalamba ikuliza kaligo kumudzi akudziwa mmene mawu amatulukira pa choimbira chotere, kungoti a viol ndi ofatsa, safika patali. Anthu atatu, anayi, mwina asanu ndi mmodzi ankakhala mozungulira tebulo, aliyense ndi kabuku ka mzere wake, ndipo kagulu koteroko ndi kamene kankatchedwa consort. Panalibe woimirira kutsogolo ndi kandodo kuti aziwatsogolera, ndipo nthawi zambiri panalibenso omvera, oimbawo ankangoimbira makutu awo omwe. Kukoma kwa nyimbozi kuli pakuti palibe mzere umene uli wantchito wa unzake. Wa mawu okwera akaponya kanyimbo, wapakati amakawakha, wa besi n'kukayankha pansi, ndipo asanamalize wina wayamba kale kena.

Zina mwa nyimbo zawo, zotchedwa fantasia, zinali zongomvetsera. Koma zambiri zinali magule, ndipo magulewo sankawaimba momwazika. Ankawalumikiza atatu, anayi kapena kuposerapo mu kiyi imodzi, kuti wina akatha wina alowe. Mndandanda wotere lero umatchedwa suite. Kawirikawiri ankayamba ndi gule woyenda mwaufumu, pavan kapena almain, kenaka corant wothamanga, n'kutsiriza ndi saraband, amene ku England ankamuimba mwaliwiro, nthawi zinanso jig. William Lawes, woimba wa mfumu Charles I, anapeka Royall Consort ya mavayolini awiri, ma viol a besi awiri, ndi zoimbira ziwiri za khosi lalitali zokhwatula ndi zala zotchedwa theorbo. Matthew Locke anasindikiza Little Consort mu 1656, ndipo m'menemo muli magulu khumi, lililonse lili ndi pavan, ayre, corant ndi saraband. John Jenkins, amene anabadwa mu 1592 n'kumwalira mu 1678, anasiya nyimbo zoposa 800. Wotsiriza wamkulu anali Henry Purcell, amene analemba ma fantasia a viol mu 1680 chizolowezicho chikuzilala kale, ndipo magule amene ankapekera zisudzo anasonkhanitsidwa n'kusindikizidwa mu 1697, patatha zaka ziwiri iye atamwalira ali ndi zaka 36.

Tsono taonani kumene magulewo anachokera. Almain ndi wa ku Germany. Pavan anachokera ku Italy, corant anadzera ku France ndi ku Italy. Saraband ndiye ali ndi mbiri yodabwitsa: anayamba kumveka ku Spain ndi m'maiko a ku America amene Spain inkalamulira, anali gule wa anthu wamba wovina ndi chiuno poimba gitala, ndipo mu 1583 akuluakulu a ku Spain anamuletsa kuti ndi wolaula. Patapita zaka pafupifupi 50, gule yemweyo ankaimbidwa pamaso pa mfumu ya ku England popanda wochita naye manyazi. Pa magule onsewa, amene Angerezi akananena kuti ndi wa kwawo ndi jig yekha. Choncho zimene lero zimatchedwa chuma cha nyimbo cha Angerezi zinali magule obwereka, ena a anthu apansi, amene oimba aluso anawatenga, n'kuwasula mwatsopano mpaka anakhala awoawo. Akuluakulu anati mlendo ndiye amabwera ndi kalumo kakuthwa, ndipo palibe amene amanyoza Locke kapena Purcell kuti anameta ndi lumo la eni.

Malo amene nyimbozi zinakulira ndi ofunika kwambiri pa nkhani yathu. Nkhondo yapachiweniweni itabuka ku England mu 1642, nyumba za zisudzo zinatsekedwa, makwaya a m'matchalitchi akuluakulu anathetsedwa, ndipo oimba a mfumu anabalalika. Lawes anawomberedwa mu 1645 pafupi ndi Chester akumenyera mfumu yake, mfumuyo n'kudzadulidwa mutu mu 1649. Ena mwa oimba otsala anathawira kumidzi, m'nyumba zikuluzikulu za eni minda. Jenkins anakhala zaka zambiri akudya ndi kugona kwa mabanja otere, a Derham ndi a L'Estrange ku Norfolk, kenaka a North ku Kirtling, akuphunzitsa ana awo ndi kuwapekera nyimbo zoimba madzulo. Ndalama zogulira ma viol, mapepala ndi makandulo zinkachokera m'thukuta la alimi obwereka minda ya bwanayo. Alimiwo anali ndi nyimbo zawo ndi azeze awo, koma mayina a ambiri mwa iwo anapita ndi mphepo, pamene nyimbo za m'nyumba yaikulu zinakoperedwa ndi manja m'timabuku timene lero tili m'nyumba zosungira mabuku ku Oxford ndi ku London. Mfumu Charles II atabwerera pa mpando mu 1660, anakhazikitsa gulu la mavayolini 24 potengera za ku France, ndipo iye ankafuna nyimbo zoti azigwedezera phazi. Viol inatha fasho, inakhala chete zaka pafupifupi 200, mpaka Arnold Dolmetsch anayamba kuiutsa m'zaka za m'ma 1890. Lero magulu monga Fretwork ndi Phantasm amaimba Lawes ndi Jenkins m'maiko ambiri. Zinatheka kuuka chifukwa mapepala analipo.

Tibwere ku Karoi. Mapulazi ambiri a kuderali anatsegulidwa itatha nkhondo yachiwiri yapadziko lonse, pamene boma la Southern Rhodesia linagawira malo azungu obwera kunkhondo kuti alime fodya, ndipo a ku Tengwe anatsatira pambuyo. Fodya amafuna manja ambiri, kuyambira ku nazale, kuwokera, kuthyola, kuwotcha usiku wonse, mpaka kusankha ndi kudinda mabelo. Manjawo ambiri anachokera kumpoto kwa Zambezi. Amuna a ku Nyasaland, othawa msonkho ndi thangata kapena ofuna ndalama za njinga ndi chiwongo, ankayenda wapansi masabata angapo kudzera ku Tete, ena ankakwera malole a Ulere, ndipo kuyambira mu 1946 enanso ankalembedwa ndi bungwe limene anthu ankalitcha Mthandizi. M'zaka za m'ma 1950, oposa theka la antchito a m'mapulazi a dzikolo anali ochokera kunja. Ankagwira ntchito pa tikiti, kulandira phoso, ndi kugona m'komboni, pansi pa lamulo la mabwana ndi antchito limene linkachititsa kuthawa ntchito kukhala mlandu. Ambiri sanabwererenso kumudzi, anakhala machona, nakwatira komweko. Blair Rutherford, amene anachita kafukufuku m'mapulazi a ku Hurungwe kuchiyambi kwa zaka za m'ma 1990 n'kutulutsa buku lake mu 2001, anaonetsa kuti ngakhale ufulu utabwera, moyo wa pa pulazi unkayendetsedwabe ngati pakhomo pa bwana: nyumba, sukulu, ngongole ya kusitolo, ngakhale milandu ya m'banja, zonse zinkadalira mtima wa mwini malo. Apa ndiye pali kufanana ndi esiteti ya ku Norfolk, koma motembenuka. Kumeneko nyimbo zimene zinadzatchuka zinabadwira m'nyumba yaikulu, kuno zinabadwira m'komboni.

Ndipo m'komboni munali nyimbo zochuluka. Achewa anabwera ndi gule wamkulu, amene Ashona amati zvigure, ndipo ankatuluka pa maliro ndi Lamlungu masana. Ayao anabwera ndi beni, gule wa yunifolomu ndi pelete, amene Terence Ranger m'buku lake la mu 1975 anaonetsa kuti anayambira m'matauni a m'mphepete mwa nyanja ya mchere ku East Africa cha m'ma 1890 potengera asilikali a azungu, n'kufalikira ndi asilikali ndi apaulendo. Beni nayenso ndi gule wobwereka amene anasulidwa mwatsopano. Anyamata ankakhoma banjo ndi chigubu cha mafuta, mtengo ndi mawaya. Kenaka kunabwera galamafoni ndi wailesi, maka itatulukira wailesi yotchipa yooneka ngati poto mu 1949, imene inkagwira siteshoni ya ku Lusaka. M'makutu mwa mwana wa m'komboni munkalowa ng'oma za nyau, kwela wa ku Joni, rumba ya ku Congo, ndipo m'zaka za m'ma 1970 kunafika mbale za benga za ku Kenya zimene anthu ankazitcha kanindo. Amalawi a kumudzi amadziwa mbali imodzi ya nkhaniyi kudzera mwa Daniel Kachamba, amene anakhala ku Salisbury ndi makolo ake kumapeto kwa zaka za m'ma 1950, n'kubwerera ku Chileka atatola kwela amene anamusandutsa wake.

Amene anatsala ku Zimbabwe ndiwo anathandiza kwambiri kuumba sungura. John Chibadura, wa makolo ochokera ku Mozambique, anatchuka ndi Sungura Boys asanayambitse Tembo Brothers. Nicholas Zakaria, mwana wa Amalawi wobadwira ku Mazowe mu 1956, anayambitsa Khiama Boys m'zaka za m'ma 1980, ndipo oimba ambiri anaphunzira m'manja mwake mpaka anthu anamupatsa dzina loti Senior Lecturer. Mmodzi mwa ophunzirawo ndi Alick Macheso, wobadwira ku Shamva mu 1968, wa mtundu wa Amalawi, amene anakulira pa pulazi, n'kudzayambitsa Orchestra Mberikwazvo. Chimbale chake cha mu 2000, Simbaradzo, chili m'gulu la zimbale zogulidwa kwambiri m'mbiri ya dzikolo, ndipo imodzi mwa nyimbo zake zokondedwa, Mundikumbuke, ndi ya m'Chichewa. Abale awiri a Somanje, Daiton ndi Josphat, a gulu la Pengaudzoke, nawonso anatulukira m'mapulazi. Mazowe, Shamva ndi Karoi ndi dera limodzi la mapulazi a Mashonaland, ndipo komboni ya uku ndi ya uko zinkadya phoso limodzi, kuvina magule amodzi ndi kuyankhula Chichewa chimodzi chosakaniza ndi Chishona. Chilankhulo chimene ana ankachita nacho manyazi kusukulu chinalowa pa wailesi ya dziko lonse chitakwera pa gitala.

Tsopano timvetsere nyimbo ya sungura mmene oimba a consort ankamvetserana. Muli gitala wa lidi, wa rithimu, nthawi zina awiri, wa besi, ndi ng'oma zimene timbale take timathamanga osapuma. Wa rithimu sakhwatula nsambo zonse pamodzi ngati wa m'kwaya, amatola imodziimodzi, n'kuluka mzere wakewake umene umalowa m'mipata imene wa lidi wasiya. Wa besi sakhala pansi kumangosunga nthawi. M'manja mwa Macheso besi imakwera mpaka kukhosi kwa gitala, n'kulanda nyimbo, lidi n'kumaiyankha. Uku ndiye kucheza kwa nsambo kumene tinakuona pa tebulo la ku Norfolk, pamene palibe mzere wantchito wa unzake. Kamangidwe kake nakonso n'kofanana. Nyimbo imodzi imatha kutenga mphindi khumi kapena kuposa. Imayamba ndi mawu, uphungu wa m'banja kapena dandaulo la mwana wamasiye, anthu akuvina mofatsa. Kenaka woimba amakhala chete, magitala n'kusintha, ndipo kumabwera zigawo zotsatizana, chilichonse ndi mayendedwe ake a mapazi, monga Borrowdale, gule wotengera kuthamanga kwa mahatchi pa bwalo la mpikisano la ku Harare. Kiyi ndi yomweyo, koma gule wasintha katatu kapena kanayi, ndipo moto ukukwerakwera mpaka pomaliza. Locke akanamva zimenezi akanazindikira nzeru yake, chifukwa ndi imene iye ankatsata pochoka pa pavan kukafika pa saraband.

Wina anena kuti ndikukokomeza, kuti sungura ndi makodi atatu okha ongozungulirazungulira, pamene Angerezi aja ankalemba nyimbo zozama. N'zoona kuti mu fantasia ya Lawes kapena Purcell muli kusinthasintha kwa makodi kumene simungakupeze mu sungura, ndipo sindikufuna kubisa zimenezo. Koma kuzungulira pa makodi ochepa sikunali kwachilendo kwa Angereziwo, kunali pakatikati pa luso lawo. Christopher Simpson anatulutsa buku mu 1659, The Division Violist, lophunzitsa woimba viol kupeka pompopompo pamwamba pa kamzere ka besi kobwerezabwereza, kugawa manotsi aatali kukhala timanotsi tothamanga, ulendo uliwonse mosiyana ndi wapitawo. Purcell anamanga zina mwa nyimbo zake zokhudza mtima kwambiri pa besi yobwereza yomweyo. Kwa iwo muyeso wa katswiri unali wakuti angatulutse zingati kuchokera m'kanthu kochepa, womvera osatopa. Muyeso womwewo ndi umene anthu a ku Chikangwe amayezera woimba lidi: akabwereza chimodzimodzi kawiri katatu, ovina amakhala pansi. Ndipo zoti ena ankalemba pamene ena amaloweza sizitiuza za kukula kwa nzeru. Kusunga pamtima mizere inayi yolukana ya nyimbo makumimakumi, n'kuziimba usiku wonse popanda pepala, ndi ntchito ya mutu imene ambiri odziwa kuwerenga manotsi sangaikwanitse.

Wina anena mosiyana, kuti n'chifukwa chiyani tikuyezera nyimbo zathu pa sikelo ya azungu, ngati kuti sungura ikufunika chilolezo cha Purcell kuti ikhale yabwino. Funso limeneli ndi lolemera, ndipo yankho langa ndi lakuti sungura sikufuna chilolezo cha aliyense, anthu anaivomereza kale ndi mapazi awo ndi ndalama zawo za pakhomo. Amene akufunika kufanizira kumeneku ndi onyozawo, chifukwa sikelo ya azunguyo ndi imene iwo anyamula kale m'mutu. Munthu amene amati nyimbo zenizeni ndi za vayolini ndipo za gitala wa m'komboni ndi phokoso, ayenera kuuzidwa kuti saraband amene amamulemekezayo anali gule wa gitala wa anthu wamba amene analetsedwa, ndi kuti Jenkins anali wantchito wodya kwa bwana. Akadziwa zimenezi, chotsala m'chitonzo chake si nkhani ya nyimbo ayi, ndi nkhani ya anthu: akunyoza sungura chifukwa cha amene anaibala. Chitonzo chimenechi chinafika mpaka m'malamulo. Kusintha kwa lamulo la unzika kwa mu 2001 kunasiya ana ambiri a machona, obadwira ndi kukulira m'Zimbabwe, akuwerengedwa ngati alendo, mpaka malamulo oyendetsera dziko a mu 2013 anabwezera unzika kwa obadwira m'dzikomo amene makolo awo anachokera m'maiko a SADC.

Palinso onena kuti nkhawa yosunga njopanda pake, poti sungura inajambulidwa kale, makampani monga Gramma Records anatulutsa zimbale zambirimbiri, ndipo lero zili pa YouTube. Zimenezo zasunga nsonga ya mtengo, osati mizu. Zimene zinajambulidwa ndi za ochepa amene anakwanitsa kufika ku Harare. Za mabandi a banjo amene ankaimba pa malipiro a mwezi m'komboni, za mmene ankachunira nsambo, za nyimbo za beni zimene zinkatchula mayina a akapitawo ndi a mapulazi, za nyimbo za amayi m'shedi yosankhira fodya, zambiri zili m'mitu mwa nkhalamba basi. Ndipo komboni yomweyo, imene inali sukulu ya zonsezi, inaphwasuka. Kulanda ndi kugawanso malo kusanayambe mu 2000, mapulazi akuluakulu a dzikolo ankalemba antchito oposa 300,000, ndipo ambiri anataya ntchito ndi pokhala m'zaka zochepa zotsatira. Sindikulira komboni ngati malo abwino, munali umphawi ndi kuponderezana, ndipo nkhani ya malo inali yoyenera kukonzedwa. Koma antchito ochokera kunja ndiwo analandira malo ochepa kwambiri, chifukwa analibe mudzi wobwererako kapena mfumu yowalankhulira. Ena anatsalira pa mapulazi akale kumagwira maganyu kwa alimi atsopano, ena anapita kokumba golide, ena m'matauni. Ku England nkhondo itabalalitsa oimba, mapepala anatsala m'nyumba zolimba. Kuno anthu atabalalika, nyimbo zinabalalika nawo limodzi.

Chotsutsa chimene ndimachilemekeza kwambiri ndi chakuti gule akalowa m'buku amafa. Mbiri ya ku England ikuchitira umboni zimenezi pang'ono. Ngakhale m'masiku a Locke, pavan anali atasiya kale kuvinidwa, anangotsala wa makutu, ndipo lero anthu amamvera suite atakhala duu m'holo, osagwedeza ndi phewa lomwe. Chinachake chinatayika pamenepo, ndipo sindingafune kuti sungura kapena beni adzathere m'holo yotero. Pa gule wamkulu nkhaniyi ndi yolemera koposa, chifukwa za kudambwe si za aliyense, ndipo wobwera ndi kamera alibe ufulu wotenga zimene eni mwambo sanampatse. Koma pepala silinaphe magule a Angerezi. Anaphedwa ndi kusintha kwa fasho ndi kwa mabwana, pepala n'kupulumutsa chimene chikanatha kupulumuka. Ndipo ife tili ndi mwayi umene Jenkins analibe, chifukwa foni ya m'manja imajambula mawu, zala ndi mapazi nthawi imodzi, kotero kuti mdzukulu akhoza kudzaona mmene agogo ake ankavinira, osati kungomva mmene ankaimbira. Kusunga kwabwino ndi kumene kumabwezera zojambulidwazo kwa eni ake, kuti mnyamata wa ku Tengwe amene akufuna kuphunzira banjo apeze pomvera, ndipo za kudambwe zikhale m'manja mwa akuluakulu a dambwe.

Ntchito yotereyi inachitikapo, ndipo zipatso zake tikuziona. Hugh Tracey anafika ku Southern Rhodesia mu 1921 kudzalima fodya ku Gutu, ndipo nyimbo zoyamba zimene zinamugwira mtima anazimva kwa antchito a m'munda. Zimene anadzajambula pambuyo pake m'maiko ambiri, kuphatikizapo Nyasaland, zili ku International Library of African Music, imene anaikhazikitsa mu 1954 ndipo tsopano ili ku Rhodes University ku South Africa. Anthu akhoza kumutsutsa pa zambiri, monga mzungu wa nthawi ya atsamunda, koma bangwe ndi magitala a agogo athu a m'ma 1950 tikuwamva lero chifukwa cha matepi ake. Gerhard Kubik anayamba kujambula abale a Kachamba mu 1967, nalemba mmene ankachunira ndi kugwirira zoimbira zawo, ndipo pambuyo pake Moya Malamusi anapitiriza kusonkhanitsa nyimbo ndi zoimbira ku Chileka komweko. Makomboni a Mashonaland akufunika anthu otere, koma ulendo uno achokere mwa ana a m'komboni eni ake, amene amamva Chichewa cha nkhalambazo ndipo akhoza kulowa m'nyumba zawo ndi ulemu woyenera. Chinhoyi University of Technology ili m'chigawo chimodzi ndi Karoi, cha Mashonaland West, Zimbabwe College of Music ili ku Harare, ndipo ku Zomba kuli University of Malawi imene imaphunzitsa zoimbaimba. Pamene UNESCO inalemekeza gule wamkulu mu 2005, inatchula Malawi, Mozambique ndi Zambia, koma Zimbabwe, kumene guleyu wavinidwa m'mapulazi ndi m'migodi kwa mibadwo ingapo, sinali pa mndandandawo. Komatu mu 2020 Malawi ndi Zimbabwe analembetsa limodzi luso lopanga ndi kuimba mbira ndi sansi ku bungwe lomwelo, kusonyeza kuti maofesi a zachikhalidwe a maiko awiriwa amadziwana ndipo akhoza kutumiza anthu ku Karoi ndi ku Tengwe nkhalamba za banjo ndi za beni zikadali moyo.